Phazi la alamu a Nowa

3 Novembro 1954
Alamu a Nowa, amuna a mlongo wanga Marita, afika chowanyamula. Ululu kuyambira m'thako mpaka kuchidendene. Ndawagoneka chafufumimba. Ndayendetsa chala changa chachikulu pang'onopang'ono, monga anandiphunzitsira malemu bambo: mnofu umafewa, fupa limakana, mtsempha umagubuduka ngati chingwe. Ndaupeza kuseri kwa bondo. Akuwa kuti moto wafika kuphazi. Ndi womwewo. Mafuta a nsatsi, kusisita, kuthowa.

14 Novembro
Akuyenda. Ku Misa afika okha, opanda ndodo. Ine kudzitama pakhomo pa tchalitchi, aliyense akumva. Pakamwa pangapa!

16 Novembro
Asipayi, apolisi a boma aja, anawaona. Awatchula pa opita ku chibalo, ntchito yokakamiza yakutali, Lachisanu. Mvula ili pafupi, munda sunathe kugalauza, Marita ndi woyembekezera. Asipayi amasiya olumala okha. Marita osandiyang'ana n'komwe: "Achimwene, bola mukanawasiya ndi ululu wawo."

17 Novembro
A Nowa abwera masana, moni osapereka. Aloza kunja kwa bondo, pamene ndinawachenjeza ndekha kuti pasamapanikizidwe, poti mtsempha uli pamwamba pa fupa, phazi lingafe. "Alamu, mwendowu munaudzutsa ndinu, ugonekeninso." Ndakana. Ndati zimenezi zilibe muyeso, phazi lingadzuke mwezi ukatha, lingagoneretu. Ati nako ku chibalo ena sabwerako. Ndikuopa.

19 Novembro
Ndinachita dzulo. Mmene ndinachitira sindilemba. Analuma nsalu, osakuwa.
Lero asipayi awayendetsa uku ndi uku pabwalo, phazi likulendewera, zala zikukwekwereza fumbi. Awasiya.

6 Fevereiro 1955
Chimanga chawo chamasula. Marita anachira, mwana wamkazi.
M'mawa uliwonse ndimafufuza mtsempha wa a Nowa uja. Uli pomwepo, ukugubuduka, koma ndikaudina samva kanthu. Ndawabaya ndi munga pamwamba pa phazi, iwo akungondiyang'ana. Sandinena, ndipo n'chimene chikundipweteka.
Marita wabweretsa tambala wothokozera. Ndam'mangirira pankhokwe. Kudya sindingadye, kubweza sindingabweze.

8 Fevereiro
Asipayi ayambanso kuzungulira midzi. Afika a Quitéria a kutsidya kwa dambo ndi mwana wawo wamwamuna, mnyamata wa miyendo yabwinobwino. Ati amva kwa Marita. Ndawauza kuti ndine wosisita chabe. Angoyala nsalu pansi n'kukhala. Ndalowa m'nyumba. Akadali panja.