Kabokosi Konunkhiza Mphepo

Lolemba, 3 Juni 2024
Ba Mwiya a kukhonsolo amangirira kabokosi koyera pamtengo wa mango pakhomo pathu. Ati kamanunkhiza mphepo n'kutumiza manambala ku Lusaka, adziwe zimene tikupuma kuno ku Chinyunyu. Ati, "Mukasamale, amayi." Mwana wanga Misozi akutsokomolabe, sabata yachitatu.

Lachiwiri, 4 Juni
Amuna anga a Bornface ayatsanso uvuni wawo wa malasha kuseri kwa nyumba. Utsi wonse kwa kabokosi! Ati n'zamanyazi, mlendo wa boma sitingamufukize ngati mbewa. Utsi usanakafike, akafunditsa chitenje changa chakutchalitchi.

Lachinayi, 6 Juni
Chitenje akuti sichikukwanira. Tsopano m'mawa amakamasula, kukakweza panjinga, kukasiya paphiri kakapume mphepo yabwino. Madzulo amakakatenga. Ine zaka khumi ndili pabanja, panjinga imeneyo ndinakwerapo kawiri.

Loweruka, 8 Juni
Mlamu wanga Hellen wabweretsa ambulera, ati kangapse ndi dzuwa. Misozi sanadye. Chifuwa chikulira ngati chitseko chakale, ndipo ndikuopa.

Lachiwiri, 11 Juni
Ba Mwiya abwera akumwetulira mpaka m'makutu. Ati mphepo ya pakhomo pathu ndiyo yoyera kuposa kwina konse kumene anaikako timabokosi, ku Lusaka adabwa. A Bornface anyada koopsa. Ndinafunsa za chifuwa cha mwana. Ba Mwiya anandionetsa foni, ati, "Si utsi amayi, manambala akukana. Mwina mumamusambitsa madzi ozizira." Ine!

Lachitatu, 12 Juni
Ndabisa pampu ya njinga mudengu la chimanga. Tayala lake limaphwa usiku uliwonse.

Lachinayi, 13 Juni
A Bornface asakasaka pampu mpaka kutukwana nkhuku. Nditaona utsi wayamba kulowa pakhonde, ndinamasula kabokosi n'kukakhazika pamphasa pafupi ndi Misozi, pamene amakhala masiku onse. Sipanapite nthawi, kanayamba kulira, tswii tswii, osalekeza. Sitinkadziwa n'komwe kuti kali ndi mawu.

A Bornface anabwera akuthamanga kuchokera ku uvuni, fosholo m'manja. "Edness, wamupha mlendo!"

Ndinati, "Akupuma zimene mwana wanu akupuma."

Anayang'ana kabokosi, kenako Misozi. Anaika fosholo pansi pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti mwanayu wakhala akupuma zimenezi kuyambira liti.

Ndinati, chibadwire.