Chimene chinatupitsa a Malizani

Okondedwa alamu a Leonard,

Landirani moni wochokera kuno kumalayini. Kaya muli bwanji ku Mzuzuko, inu ndi mayi akunyumba ndi khanda lija? Ife tilipo, kungoti kukhala kwake ndi komwe mukukudziwa. Esnat wayambanso sukulu. Ine ndabwerera kothyola tiyi, chifukwa akapitawo sawerengera zoti munthu ndi namfedwa.

Alamu, pamaliro a akulu anu a Malizani simunakhalitse, ndiye zimene zikunenedwa kuno simunazimve. Amayi anu akuti ndinasempha mwana wawo. Ati munthu satupa milomo n'kusupuka khungu chonchija popanda chifukwa, ndiye kuti ineyo ndinayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo. Kumpopi akazi akandiona amadula nkhani. Dzana Esnat wabwera akulira, anzake amuuza kuti amake ndi amene anapha bambo ake. Zimenezi zandiwawa kuposa maliro.

Koma inu ndi ine tikudziwa. Chaka chatha, muli ndi sitolo yanu ya mankhwala pa Bvumbwe, munawapatsa a Malizani mapiritsi atatu aja a malungo. Anatuluka zidzolo thupi lonse, maso ali psuu. Titabwera kudzakuonetsani munaseka, munati ndi thukuta la m'munda, akasambe bwino. Tinabwerera titakhutira, poti wophunzira pabanja pano ndinu.

Malungo atabweranso chaka chino, munafika kudzatsanzika za ulendo wa ku Mzuzu. Munapeza a Malizani atadzikakamiza kupita kufakitale, ndiye munandisiyira ine mapiritsi omwe aja. Ndinawamwetsa ndi dzanja langali. Sabata isanathe pakamwa panali zilonda zokhazokha, ngakhale phala silimalowa, khungu likutsalira pa chitenje.

Kuchipatala adokotala anafunsa ngati mankhwalawo anawavutapo kale, ndiponso amene anawapereka. Anati wogulitsa akaona zotere amayenera kukanena, kuti wodwala asadzamwenso, ndi ena achenjere. Inu munali pomwepo, musananyamuke ulendo wa ku Mzuzu, ndipo munandikokera panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Munati ndisatchule sitolo. Munati munaonapo anthu ena awiri otero, koma wokanena amangodziitanira anthu odzafufuza, ndipo ku Lilongweko palibe amene amasamala. Ndinabwerera m'kati n'kunena kuti tinagula pamsika. Ndinati ndikuteteza banja, osadziwa kuti banjalo lidzandidya ine.

Usiku sindigona, alamu, ndimaganiza za awiri ajawo. Kaya akazi awo nawonso akuwaloza zala.

Ndikudziwa, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinu mwana wokondedwa, amene munamangira amayi anu nyumba ya malata. Sindikufuna kuti mumangidwe, ndipo pepani wanu sangandidzutsire mwamuna. Ndikufuna mukanene kumene munayenera kukanena kuja, kenaka mubwere mudzanene pamaso pa amayi anu. Mawu anga sawamva, koma anu amawamva.

Mwezi wamawa akudzandisudzula. Atsibweni anu a Douglas anena kale kuti sandimasula ndisanatchule dzina la mwamunayo. Amayi anu akhala akufunsa nyumba ndi nyumba, ndipo oyandikana nafe awauza kuti masiku amenewo anaona mwamuna mmodzi, wa nsapato zopolisha ndi chikwama, akulowa m'nyumba mwanga a Malizani ali kuntchito. Amayiwo akondwa, ati wapezeka. Sakudziwa kuti ndi ndani.

Ndinanama kamodzi kwa adokotala pokutetezani, sindinamanso. Akandifunsa amene analowa, nditchula inu. Chimene munadzachita m'nyumbamo, mudzafotokoze nokha.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, ndipo khandalo Mulungu alikuze ndi thanzi. Inunso akusungeni mpaka tidzaonane pabwalopo.

Ndine mlamu wanu,
Lestina