Pulogalamu Yakale Izima Lachisanu

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Alamu,

Kalata yanu ndinailandira pamodzi ndi juzi ija. Yandikwana, kungoti manja ake atalikako, ndiye ndimapinda. Mwafunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Mwafunsanso za kuntchito, ndipo nkhani ili pamenepo, chifukwa zimene ndinakuuzani pafoni zija zinali theka chabe.

Ndinabwerera ku ofesi patatha milungu iwiri chiikire maliro a achimwene anu. Tebulo lawo likadali moyang'anana ndi langa. Kompyuta anaichotsa, koma mpando palibe amene amaukhalira, ngakhale pamsonkhano mipando ikachepa anthu amalolera kuimirira. M'mawa timabwera tonse, kupatsana moni, aliyense n'kuvala zomvera m'makutu. Ndimatha tsiku lonse osamva mawu anga.

Mukudziwa kuti kampani yathu ili ndi pulogalamu yotumiza mauthenga a pafoni okumbutsa anthu tsiku lopita kuchipatala. Anailemba ndi achimwene anu zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tisanakwatirane. Anaimanga ngati nyumba ya chipinda chimodzi, pophikira pomwepo, pogona pomwepo, moti utsi ukafuka aliyense amatsokomola. Masiku ano sitimanganso choncho. Timagawa ntchito m'timapulogalamu ting'onoting'ono, kena kosunga mayina, kena kowerenga masiku, kena kotumiza, kuti kamodzi kakagwa tinzake tizipitirira. Mapulani osamukira ku pulogalamu yatsopano ndinajambula ndine, ndipo achimwene anu sanakane. Ankati, "Nyumba yanga yakalamba, igwetseni, koma muyambe mwatulutsamo anthu."

Anthu tinawatulutsa. Yatsopano yakonzeka, koma singayambe kutumiza mauthenga yakale isanazime. Chatsala ndi kuzimitsa yakale, ndipo apa pali lamulo la ntchito yathu: palibe chimene munthu amasintha yekha. Wina amalemba, wina amawerenga n'kuvomereza. Kuti yakaleyo izime pamafunika mayina awiri, la mtsogoleri wathu, amene timawatchula a Chipewa chifukwa dazi lawo sitinalionepo, ndi langa. A Chipewa anasaina kalekale. Ine, alamu, ndakhala ndikukana kwa milungu inayi.

Mlungu woyamba ndinati mayeso oona ngati yatsopano ikuyenda bwino sanakwane. Anawonjezera. Wachiwiri ndinati tidikire tione ngati yatsopano ipirire mauthenga akachuluka. Inapirira. Wachitatu ndinanena chinachake cha chitetezo chimene ine mwini sindinachikhulupirire. Kupeza zolakwika ndiyo ntchito yanga, ndiye zifukwa sizindisowa.

Zoona zake ndi izi. M'kati mwa pulogalamu, pakati pa mizere imene kompyuta imamvera, munthu amatha kusiya timawu toti anzake adzawerenge. Achimwene anu ankasiya timawu toteroti paliponse. Pena analemba, "Musakhudze apa musanamwe tiyi." Pena, "Ndikudziwa kuti n'zonyansa, ndinali ndi chimfine." Pulogalamu yatsopanoyi theka lake analemba ndi makina amene umangowauza zimene ukufuna. Amalemba mwaukhondo, sindinganame, koma sadwala chimfine. Anzanga akapita kukadya masana, ine ndimatsegula yakale ija n'kumawerenga. Mabuku ndawerenga ambiri, ena a anthu oferedwa ngati ine, ndipo onse ali phee pa shelefu kunyumba. Amene akundiyankhula ndi timawu timeneti.

Palinso china chimene sindinauzepo munthu. Tsiku lomaliza limene achimwene anu anagwira ntchito ananditumizira kusintha kwakung'ono m'pulogalamu yakale kuti ndiwerenge. M'mawa wa tsikulo tinali titakangana kunyumba za mpopi wodontha, umene anakhala akulonjeza kukonza kuyambira nyengo ya mvula. Ndiye ndinayankha mouma, popanda ndi moni womwe: "Palibe mayeso. Sindivomereza." Iwo analemba pansi pake: "Mwanena zoona, bwana. Ndilemba mawa." Mawa lakelo ndi lija anagwa pa masitepe. Pempho lawolo lakhala likundidikira mpaka pano, ndipo pulogalamu ikazima, lidzatsekeka lokha ndi chizindikiro choti silinamalizidwe.

A Chipewa anandiuzapo mofatsa kuti palibe chidzafufutidwe, zonse zidzasungidwa, ndingadzawerenge tsiku lililonse. Ndikudziwa. Koma kusungidwa ndi kwina, kugwira ntchito ndi kwina. Panopa mayi akalandira uthenga woti mawa abweretse mwana ku katemera, uthengawo wadutsa m'manja mwa achimwene anu. Ndinkafuna manjawo azigwirabe kanthu.

Lolemba lapitali yakale ija inagwa. Inagona maola atatu, ndipo mauthenga mazana anayi sanapite. Dzulo namwino wa pachipatala china chaching'ono anaimba foni. Sanakalipe ayi. Anangoti anakonza mankhwala a ana makumi awiri, koma panabwera asanu ndi mmodzi, kodi kwachitika chiyani? Yatsopano ikanakhala ikugwira ntchito, zimenezi sizikanachitika. Izo ndikuzidziwa kuposa wina aliyense, chifukwa ndinaimanga kuti zoterezi zithe.

Zinthu zikalakwika timakhala ndi msonkhano umene lamulo lake ndi loti sitiloza munthu chala. Sitifunsa kuti walakwa ndani, timafunsa kuti chinalola n'chiyani kuti munthu alakwe. Lamulolo ndinalibweretsa ndine zaka zitatu zapitazo, nditaliwerenga m'buku, ndipo ndinkalinyadira. Dzulo linandiwawa. Anzanga ankajambula pa bolodi, ola lakuti chakuti chinadzaza, ola lakuti chakuti chinaima, mpaka ndinalephera kupirira.

"Ndachedwetsa ndine," ndinatero. "Zifukwa zonse zija ndinkangopeka."

Anzanga anasiya kujambula pa bolodi. Kenako a Chipewa anati, "Muno sitilemba mayina, mayi. Mukudziwa." Anatembenukira ku bolodi n'kulemba kuti kusamuka kunadalira chivomerezo cha munthu mmodzi, popanda wina womulandira katundu. Onse anagwedeza mitu, n'kupita pa mfundo yotsatira. Alamu, ndinkafuna wina andikalipire. Chimwalirireni achimwene anu palibe amene wanditsutsapo pa chilichonse. Aliyense amandigwira ngati dzira.

Potuluka anandipeza pa khonde ndi mnzanga amene amayesa mapulogalamu. Timamutcha Polisi, chifukwa palibe cholakwika chimamudutsa.

"Iwe, ukuganiza kuti sitinkadziwa?" anatero. "Chifukwa chachitatu chija chinali chamanyazi. Ukanandipempha ndikanakupekera chabwinopo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tinene chiyani? Ukuyesa amawerenga timawu tija ndiwe wekha? Pali pena analemba kuti Polisi akafika apa andimanga. Ndinafikapo, ndinam'manga, anakonza." Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma ana aja sanalakwe kanthu, mnzanga. Apo pokha walakwitsa, ndipo walakwitsa kwambiri. Ku bolodi sitilemba, koma ine ndakuuza."

Ndinamuthokoza. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma ndinkanena zoona.

Madzulo omwewo, anthu asanaweruke, ndinatsegula pempho la achimwene anu. Ndinaliwerenga bwinobwino, mmene ndinayenera kuchitira tsiku lija. Ankakonza kanthu kakang'ono: mayina aatali ankaduka mu uthenga, munthu n'kumalandira dzina lake lopanda mchira. Palibe amene anadandaulapo, iwo anangoona okha. Ndinalemba mayeso aja ndine. Zinanditengera mphindi makumi anayi basi, ndipo zimene analemba zinakhoza zonse. Popeza ndinali nditaikapo dzanja, lamulo silindilola kuvomereza ndekha, ndiye ndinapita kwa Polisi. Anawerenga mzere ndi mzere, osandichitira chifundo, mpaka anandibweza kuti ndikonze malo amodzi. Kenako anavomereza. Ine ndinalemba pansi pa yankho la achimwene anu lija, "Zili bwino, bambo. Zikomo." Kusinthako kugwira ntchito masiku atatu okha, koma kugwira.

Lero m'mawa ndaimbira namwino uja kupepesa, ndipo tatumizanso mauthenga kwa amayi onse amene sanabwere. Nditatero ndasaina. Yakale izima Lachisanu, teni koloko m'mawa. A Chipewa anati angathe kuchita ndi iwo ine nditapita kwina, koma ndapempha kuti batanilo ndidine ndine.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Lachisanulo, ikangopitirira teni pang'ono, mundiimbire. Ndikudziwa kuti imakhala nthawi ya ntchito kwa inunso, mphindi zisanu zikwana. Musandifunse kuti zayenda bwanji. Mudzangondiuza kanthu ka ubwana wa achimwene anu kamene sindikudziwa, ngakhale kopusa, ngakhale kamene anakuletsani kunena. Zimene ndinali nazo ine ndaziwerenga zonse, kawirikawiri, ndipo zatsopano zingachokere kwa inu nokha.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi kwa ana. Wamkuluyo mumuuze kuti mabuku a amalume ake ali pompano, adzasankhe yekha akadzabwera. Amayi musawauze za mauthenga mazana anayi aja, zimenezo ndi zanga. Muwauze kuti chimene mwana wawo anamanga chagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndipo wochitsekera chitseko sakhala mlendo.

Ndine mlamu wanu,
amene mundipeze pafupi ndi foni.