Bokosi la Bambo ku Famase

9 Juni

Okondedwa achemwali,

Foni inalira Lachiwiri m'mawa ndikupinda malaya a bambo. Anali mayi uja wa ku famase ya chipatala. "Mankhwala a bambo anu aja afika. Mubwere ndi kalata ya adokotala, ndipo kabokosi ka ayezi musaiwale." Ndinangoti zikomo. Pakamwa panakana kunena kuti tinawaika Loweruka.

Ndinapitabe, kabokosi kali m'manja, nditaikamo majakisoni awiri amene anatsala m'firiji mwathu. Mukuwakumbukira atelala aja ndinkakuuzani, odwala nthenda yomweyi, amene ankakhala benchi imodzi ndi bambo n'kumakangana za mpira? Mankhwala awo achedwa, ndipo zala zawatupa moti akulephera kulowetsa ulusi pa singano. Ndinkafuna majakisoniwo akhale awo.

Mayi uja atamva za malirowo anavula magalasi. Kenako anati, "Pepani, mwana wanga. Koma awa sindingawalandire. Akangotuluka pakhomo pano, sindidziwa kuti agona potentha kapena pozizira."

"Sanafundepo, mayi. Magetsi akazima ndinkawasamala kuposa khanda."

"Ndikukukhulupirirani. Koma sindingabaye munthu ndi chikhulupiriro changa."

Anandilozera bokosi latsopano lija m'firiji mwawo, dzina la bambo litamatidwa pamwamba. "Ili silinatuluke. Mukalisiya, adokotala n'kuwalembera atelalawo kalata yawoyawo, ndimatapo dzina lina."

Achemwali, ndinu munavutika kuitanitsa mankhwalawa, ndipo ndinayenera kukufunsani kaye. Koma ndinalisiya. Ngati ndinalakwa, mundiuze, ndimva.

Dzulo atelala anabwera kudzapepesa maliro, atabayitsa kale. Anati, "Mkulu uja wandisiyira mankhwala, koma wathawa mkangano wathu tisanaumalize." Tinaseka, kenako aliyense anayang'ana kumbali.

Ndayesa kubwerera ku mabuku anga, koma maso akungozungulira pa mzere umodzi. Musade nkhawa, ndikudya. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti agogo awo anawatchula mmodzimmodzi asanagone.

Majakisoni awiri aja ndinawasiya ku famase kuti awataye okha. Kabokosi ka ayezi ndakatsuka, kali pamwamba pa kabati. Shelefu ya pakati ya m'firiji, imene bambo ankaletsa kuikapo ngakhale mkaka, ikadali yopanda kanthu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.