Mlatho wa a Medson Kamphinda umene sitima sidawolokepo

Kalabu ya Okonza Sitima Zazing'ono
Kawale, Lilongwe
Januwale, 2007

Kwa Mayi Lettie Kamphinda, ana ndi abale onse a malemu, komanso kwa anthu a ku Area 25 ndi ena onse amene mawu ano adzawapeze,

Ife a Kalabu ya Okonza Sitima Zazing'ono talandira ndi mtima wosweka, ndiponso mochedwa kwambiri, uthenga wa imfa ya Bambo Medson Kamphinda, mmodzi mwa oyambitsa kalabu yathu komanso woyang'anira njanji yathu, amene adatisiya m'masiku a pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano atagwa mwadzidzidzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Tikuti mochedwa chifukwa pamene uthengawu unkatipeza n'kuti thupi lawo litaikidwa kale kumudzi kwawo ku Ntchisi, olira atabalalika, ndipo mlatho umene malemuwa adaukonza kwa zaka ziwiri, umene palibe membala ndi mmodzi yemwe adauona, utasanduka phulusa. Chipepeso chino tikuchilemba ndi misozi, koma tingakhale tikunama titanena kuti mulibe mkwiyo.

Bambo Kamphinda adagwira ntchito ya njanji ku Kanengo kuyambira ali mnyamata, ndipo udindo wawo udali woyenda wapansi m'mbali mwa njanji ndi nyundo paphewa, kugogoda ndi kumvetsera ngati pali pamene pakhwefuka. Ntchito itatha, monga idatheranso kwa anzawo ambiri, sadapite kukakhala pa bawo kapena pa kachasu, koma adamanga chisakasa chachitali m'mbali mwa mpanda kuseri kwa nyumba yawo, nayala m'menemo njanji yaing'ono pamatabwa. Ndi iwo amene adatiphunzitsa kuwongola waya wa mpanda mpaka akhale njanji, kudula zitini za mafuta ophikira kuti zikhale mabogi, ndi kuchotsa kamota m'wailesi ya kaseti yakufa kuti kayendetse mutu wa sitima. Timitanda ta pansi pa njanji ankadula okha ndi kampeni, kamodzikamodzi, ndipo kakapendama pang'ono ankakataya ngakhale ife tinkaona kuti kali bwino. Adali munthu wovuta kumusangalatsa, wosachedwa kukalipa akaona bogi lopepera, koma palibe mmodzi wa ife amene adabwerera pakhomo pawo osaphunzirapo kanthu. Ine wapampando amene ndikulemba, ngakhale ndakalambira pa ntchito yokhoma zidebe mumsika wa Kawale, kuwotcherera tinthu tating'ono ndidakuphunzira kwa iwo.

Kwa amene sadalowepo m'chisakasa chimenecho, tiyenera kufotokoza chimene chinkawadya mtima malemuwa. Pakati pa bwalo lawo pamadutsa ngalande ya madzi a mvula, ndipo ngalandeyo idadula njanji yathu pawiri. Zaka zonsezi sitima inkati ikafika pamenepo, wina ankaiimitsa, n'kuinyamula ndi manja, n'kuikhazika tsidya linalo. Ife tinkangoseka, koma kwa munthu amene adakulira pa njanji yeniyeni zimenezi zidali zochititsa manyazi, ndipo nthawi zonse ankayang'ana kumbali wina akamainyamula. N'chifukwa chake adayamba kukonza mlatho wa timatabwa ta mlombwa, ali okha m'chipinda, osalola aliyense wa ife kusuzumira. Pamsonkhano wotsekera chaka adatiuza kuti watsala pang'ono, ndipo kuti tikadzabwerako ku tchuthi sitima idzawoloka yokha.

Kalabu yathu ili ndi malamulo awiri amene onse adaikidwa ndi a Kamphinda eni ake. Loyamba likuti kuyambira sabata ya Khrisimasi mpaka pakati pa Januwale mamembala asiye sitima, asayenderane kapena kuimbirana foni, kuti akazi athu ndi ana atione nkhope. Lachiwiri likuti chigawo chatsopano cha njanji chisayendetsedwe sitima mamembala onse asanasonkhane. Malamulo awiriwa tidawasunga bwinobwino, ndipo chaka chino, pamene Khrisimasi, Idi ndi Chaka Chatsopano zidabwera motsatizana, aliyense adalowera kwawo, ena ku Dowa, ena ku Machinga.

Loweruka lotsegulira chaka tidakumana pa shedi yanga ku Kawale monga mwa nthawi zonse, kuti tikwerere limodzi minibasi ya ku Area 25. Tidali osangalala, aliyense ndi sitima yake m'katoni.

"Che Tahir, mimba iyi simunali nayo mu Disembala," adatero a Ian, mlembi wathu. "Mbuzi ya Idi ija munadya nokha eti?"

"Ndinakusungirani ziboda," adayankha Che Tahir, amene amakonza mawailesi. "Nanga inu mukuti munapita ku Dowa kukapalira, bwanji manja ali osalala chonchi? Munkapalira pakhonde?"

"Musandiyambe, akulu. Ndabwerako ndapeza mayi akunyumba atenga bogi langa la malasha lija, akusungiramo zopanira zovala. Ndikufunsa, akuti koma likukwana bwino."

Che Tahir adatulutsa kamota katsopano m'thumba, nati alamu awo akudandaula kuti wailesi yawo yafa yokha pa Nyuwere. Tidaseka mpaka misozi. Tidakambirana za mvula, za chimanga chimene chayamba kumasula, za makondakitala amene akweza mtengo ngati holide sinathe, ndipo m'minibasi monse tinkatsutsana ngati mlatho wa mdala Medson upirire mutu wolemera wa sitima ya a Ian. Chakudza sichiyimba ng'oma. Tinkaseka munthu amene manda ake adali atanyowa kale ndi mvula.

Titalowa pampanda tidangoti kakasi. Nsanamira ndi malata a chisakasa zidalipo, koma m'kati mudali mbee. Matabwa onse, masiteshoni, timitanda tonse tija, zidali zitachoka. Waya wa njanji adali atapindidwa n'kuunjikidwa kuseri kwa chimbudzi. Pakati pa bwalo padali mafuwa ndi mulu wa phulusa lonyowa, ndipo Che Tahir atalipalasa ndi chala adapezamo timisomali ting'onoting'ono timene tonse tidatizindikira. Pakhonde padali Mayi Lettie, atakhala pamkeka, atavala zakuda.

Tidaika makatoni athu pansi, tidakhala, tidapepesa monga mwa mwambo, ndipo mayi adatifotokozera mmene bambo adagwera pabalaza ndi mmene adathera kuchipatala. Titalira, ndidafunsa funso limene linkanditentha. M'mutu mwanga ndidali nditaweruza kale zidakwa za pa maliro.

"Amayi, mutikhululukire pofunsa nthawi ngati ino. Ndani anaphwasula njanji?"

"Ndinawauza ndine, a Tcheya," adayankha osagwetsa nkhope. "Mvula inkagwa osakata. Nkhuni zonse zonyowa, makala atha, anthu adzaza bwalo lonse, azimayi akungolira ndi utsi, ngakhale tiyi osawira. Zouma pakhomo pano zinali za m'chisakasa mwanumo basi. Ndinati tengani, ndipo muyambe ndi mlathowo."

"Muyambe ndi mlatho?" adatero a Ian.

"Eya. Anaumaliza tsiku lotsatira Khrisimasi. Anandiitana ndikutsuka mbale, ndinawagwirira mbali imodzi pouika pa ngalandepo. Unakhala ngati unamera pomwepo. Anakhazika sitima m'mphepete, batire ali nalo m'manja. Ndinati yendetsani bambo, muone ntchito yanu, akuonani ndani? Anati ayi, lamulo, tidikire anzanga. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anangoseka, n'kubweza batire m'thumba la malaya. Pochapa malayawo atamwalira ndinalipeza momwemo. Ndiye ine ndizisunga mlatho wodikira alendo, mwini wake ali m'bokosi pabalaza?"

Ndidati, "Bwanji simunatitumizire uthenga, Amayi?"

"Si inu amene simufunsana pa holide?"

Tidanyamula makatoni athu osawatsegula, n'kukakwera minibasi yobwerera.

Amayi Kamphinda, pa maliro sitinamizana, ndipo ife sitinena kuti mudachita bwino. Matabwa wamba adalipo ambiri m'chisakasa chija, okwanira kuwiritsa tiyi wa Area 25 yense, ndipo mlatho umene munthu angaunyamule m'manja awiri sukadawonjezera kanthu pa moto. Mudautentha chifukwa mtima udakupwetekani, ndipo zimenezo tazimva. Koma dziwaninso kuti foni ya mmodzi wa ife ikadalira, ngakhale tili ku Machinga tikadabwera ndi thumba la makala pamutu. Simudatiyese, ndipo zimenezo zikutiwawa.

Koma mawu athu olemera tawasungira inu abambo a m'dera amene mudagwira zikwanje tsiku limenelo. Mayi wofedwa akalankhula ali m'misozi, amuna amene muli ndi maso ouma mumayenera kuganiza m'malo mwake. Padalibe mmodzi mwa inu wonena kuti tiyeni ichi tichiike pambali, eni ake adzachione? Tikukudziwani. Ndinu omwe munkamutcha mdala wa zidole, omwe munkasuzumira pampanda n'kumafunsana ngati mutu wake uli bwino, kenako n'kubwera ndi alendo anu ochokera kumudzi kuti adzaone sitima yoyenda yokha. Tamva kuti pa mwambo wa maliro padatchulidwa za mpingo, za ntchito ya ku Kanengo, za ana amene adawaphunzitsa, koma za sitima padalibe wotsegula pakamwa, ngati kuti chidali chilema chofunika kubisa. Tiyi wophikidwa ndi zidolezo mudamwa, ndipo sitidamve kuti wina adatsamwa naye.

Ndipo inu a Medson, mbale wathu, ngakhale mwambo ukuti wakufa sadzudzulidwa, mutilole tikufunseni. Lamulo loti pa tchuthi munthu asiye sitima akhale ndi banja mudaliphwanya nokha, pakuti tsiku lotsatira Khrisimasi mudali pa ngalande ndi nyundo. Nanga bwanji linalo mudaliumirira? Mukadangokhudzitsa waya ku batire, sitima ikadawoloka, mukadaona ndi maso anu, ndipo ife tikadakulipiritsani botolo la zakumwa n'kuiwala. Mudatidikira ife, anthu amene tinali kalikiliki kudya mbuzi ndi kukangana ndi akazi athu za zopanira zovala. Ulemu umenewo sitidaupemphe, ndipo watilemera.

Lero kalabu ilibe njanji. Sitima zathu zili m'makatoni pansi pa mabedi, ndipo pamsonkhano umene tidachita pambuyo pake ena adati tingothetsa zonse. Ambiri adakana. Mwini malo a kuseri kwa shedi yanga watilola kuyala njanji ina, ndipo kumeneko nakonso kuli ngalande. Mamembala agwirizana kuti sadzanyamulanso sitima ndi manja, komanso kuti mlatho umene udzaikidwe pamenepo ukhale wa a Kamphinda, wofanana ndi umene adakonza, osati wongopeka ife. Vuto ndi lakuti malemuwa sadasiye chojambula chilichonse, pakuti ankajambula pansi ndi msomali n'kufufuta ndi phazi. Sitikudziwa ngati udali wopindika pamwamba kapena wowongoka, ngati udali ndi mizati pakati, ngati adaupaka utoto.

M'malo mwa mamembala onse a kalabu, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu Mayi Lettie, kwa ana, kwa abale a ku Ntchisi, ndi kwa onse amene imfa iyi yawasiya pamtetete. Mulungu amene amadziwa kulemera kwa chisoni cha munthu aliyense akupatseni mphamvu zodzuka m'mawa uliwonse, atonthoze ana, ndipo alandire mtumiki wake Medson pamalo ampumulo. Kwathu kudandaula sikukuchotsa kanthu pa ulemu umene tili nawo pa inu, pakuti ife tataya mphunzitsi wa Loweruka, pamene inu mwataya mwamuna wa masiku onse.

Tili ndi pempho limodzi, ndipo tikulipereka tikudziwa kuti muli ndi ufulu wonse wotibweza pampanda. Pa dziko lonse lapansi, munthu wamoyo amene adauona mlatho uja, amene adaugwira ndi kumva kulemera kwake, ndinu nokha, inu amene mudati uyambe kutenthedwa. Sitikufulumizani. Zovala zakuda zikadzavulidwa, tidzabwera manja ali zii, opanda katoni, tidzakhala pansi pakhonde panu. Mukadzafuna, mudzatiuze mmene unkaonekera.

Ine wanu pa chisoni chino,

Shaibu Mwamadi
Wapampando