Mwana wanga wandilanda makiyi a pikapu

Aphungu,

Ndikulemba ndekha, ndiye mukaona zilembo zikuyenda chammbali ngati nkhanu musaseke, sukulu ndinangoinunkhiza. Koma pakamwa ndiye ndili napo, ndipo ndi pomwepo pandipalamulira mlandu ndabwera nawo kwa inuwu.

Ndine mayi wamkulu, zidzukulu zanga zina zayamba kale kumeta ndevu. Malemu amuna anga anali dalaivala wa pikapu. Ankanyamula katundu wa amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi kabichi kuchokera kumsika waukulu kumene amapikula, n'kukawatula m'timisika ting'onoting'ono. Zaka zonsezo ine ndinkakhala pampando wapambali. Kukweza madengu ndine, kumanga chingwe ndine, kukankha galimoto batire ikafooka ndine ndemwe. Chiwongolero chokha ndiye ayi, ati mkazi akachigwira galimoto imaiwala njira.

Atamwalira, pikapuyo inangokhala pabwalo itafunda tenti, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Ine m'mawa uliwonse ndinkadzuka nthawi imene tinkanyamuka ija, kusamba, kuvala, kenako n'kusowa kolowera. Ndinasesa bwalo mpaka linatsala pang'ono kubooka. Tsiku lina ndinapirikitsa nkhuku zija n'kupita kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Mphunzitsi wake anandifunsa kuti, "Agogo, mwabwera kudzalembetsa mdzukulu?" Ndinati, "Ndabwera kudzalembetsa agogo ake a mdzukuluyo." Mayeso oyamba ndinagwa pa rivesi, achiwiri ndinakhoza. Laisensi ndili nayo, chithunzi chake ndikuoneka ngati ndaba mbuzi, koma ndi yanga.

Tsopano mumve mmene amagwirira ntchito pasiteji ya mapikapu, pageti la msika paja. Dalaivala aliyense ali ndi malo ake pamzere, ndipo pamalopo amaikapo tayala lakutha lopaka penti kuti wina asaimepo. Atcheya a madalaivala ndi amene amaitana kuti uje, yandikira upakire. Tayala la amuna anga ndi lofiira, ndinalipaka ndine ndi penti yotsala pachitseko cha kunyumba. Lamulo lawo likuti dalaivala akamwalira, tayala limakhala la mwana wake wamwamuna. Wamkazi ayi. Mkazi wamasiye ndiye satchulidwa n'komwe.

Tsiku loyamba nditaima patayala lofiira lija anaomba m'manja. "Alamu afika! Alamu pachiwongolero!" Ankayesa ndabwera kudzawasangalatsa. Ataona kuti mawa lake ndabweranso, mkuja ndabweranso, kuseka kunatha. Atcheya anayamba kundilumpha. Ndikafunsa amati, "Alamu, lolani abambo apakire kaye, ali ndi mabanja odyetsa." Ine ndimati, "Nanga kwathu ndimadyetsa mipando?" Chimene chimandifikira ndi kabichi wotsalira amene ena amukana chifukwa akununkha. Ndikamabwerera m'mbuyo, amuna atatu amathamangira kudzandikodola ndi manja, uyu akuti kumanja, uyu akuti kumanzere, pamene mnzawo anagumula khoma la chimbudzi ali bwinobwino palibe anam'kodola. Wina mlendo anasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Mayi, mwini galimotoyi ali kuti?" Ndinati, "Ali kumanda, ndikuperekezeni?"

Amayi ogulitsa aja amandifuna. Sindiponya madengu, sindiima pabala katundu ali padzuwa, ndipo sinditsina ana a eni m'chiuno ponamizira kuwathandiza kukwera. Koma galimoto yokwera amawasankhira ndi atcheya, ndiye amangondinong'oneza podutsa kuti, "Agogo, tikanakonda yanuyi."

Sabata yatha anandilumphanso, ine ndikuona ndi maso anga madengu akulowa m'galimoto ya munthu amene tayala lake lili kumbuyo kwa langa. Mutu unatentha. Ndinaliza pikapu, ndinaipingasa pageti penipeni, ndinazimitsa injini, kiyi ndinamuika pachifuwa m'kati mwa bulauzi, n'kutulutsa juzi imene ndikulukira mdzukulu wanga. Panalibe wotuluka, panalibe wolowa. Mahutala analira ngati tsiku lachiweruzo. Atcheya anabwera thukuta lili kamukamu. "Alamu, mwapenga kodi?" Ndinati, "Munati ndidikire, ndiye ndikudikira. Amene akufuna kiyi abwere adzamutenge pamene ali." Aphungu, amuna onse aja anangoyang'anizana. Ndinachokapo atandilola kupakira.

Koma wina anajambula pafoni, ndipo zinam'peza mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito ya tayi muofesi. Anabwera kunyumba nkhope itagwa. "Amayi, mwatichititsa manyazi. Anzanga kuntchito akuonetsana pafoni, akuti mayi ako ndi achigawenga." Ndinam'siya akulankhula n'kupita kukasamba. Potuluka ndinapeza msomali wa kuseri kwa chitseko uli wokha, makiyi onse awiri palibe. Iye ndiye anati wakambirana kale ndi atcheya, tayala ndi lake malinga ndi lamulo, alemba dalaivala wamwamuna, ndipo ine ndizingokhala pakhomo n'kumalandira. Ndinati, "Ndizilandira, ndine mbale ya chopereka ine? Iwe, matewera ako ndinachapa ndi manja omwewa, lero ndiwe wondiuza chimene angagwire?" Anatembenuka n'kumapita. Ali pakhomo anangoti, "Mukadzachita ngozi, ine ndidzawauza chiyani abale anga?"

Loweruka likubwerali madalaivala ali ndi msonkhano woti am'patse tayalalo pamaso pa onse. Akatero basi, malo a amuna anga apita, ndipo ine ndabwerera kutsache.

Dzulo kunabwera mpongozi wanga, mkazi wake wa yemweyo, mwana wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anandinong'oneza kuti, "Amayi, makiyi ali m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi. Ndikubweretsereni mwakachetechete?" Ndinati ndiganize kaye. Chiganizirecho sindikukhazikika. Ndikakhala pansi miyendo ikufuna kuponda kilachi, ndikaimirira ndikungozungulira pikapu ngati ndataya singano. Mtima wina ukuti landira makiyiwo, Loweruka ukatsekenso geti mpaka adziwe kuti unabadwa chaka cha mavuto. Mtima wina ukuti mwana ndi wako, ukam'nyazitsa pagulu udzam'taya. Nditani? Yankhani msanga, nkhuku zija zayambanso kusuzumira pampando.

N.G., kuseri kwa msika waukulu

Amayi,

Zilembo zanu zafika bwinobwino, ndipo rivesi tinagwapo ambiri. Simunapenge. Galimoto munaikankha ndinu, laisensi munaivutikira ndinu, tayala munalipaka ndinu. Amene akuti mukhale pakhomo muzilandira akufuna kukuikani m'manda mukupuma. Koma njira ziwiri mwatchulazo, zonse ndikuzikana.

Tiyambe ndi mpongozi wanu. Mum'thokoze, koma musam'tume. Inu mukatenga makiyi mukagona kwanu, iye ndi amene atsale m'nyumba ndi mwamuna amene wapeza thumba la jekete lili pululu. Musagule ufulu wanu ndi mtendere wa mkazi mnzanu. Komanso chinthu chanu simuba. Mukachitenga mobisa mwavomera kuti mwini wake ndi mwana wanuyo. Pitani nokha kunyumba kwake masana, dzuwa likuswa mtengo, mukhale pampando, mutambasule dzanja, munene kuti, "Ndabwera kudzatenga makiyi anga." Za matewera muzisiye kunyumba. Musanapite, onani kuti mapepala a galimotoyo ali m'dzina la ndani. Ngati akadali m'dzina la malemu, funsani kwa odziwa malamulo a chuma cha masiye kuti muwakonze bwanji, asanakudzidzimutseni ena.

Mwana wanu wanyamula zinthu ziwiri, manyazi ndi mantha. Manyaziwo ndi ake, atafune yekha, sanafepo munthu chifukwa choti anzake amuseka pafoni. Koma mawu ananena ali pakhomo aja musawataye. Munthu uyu anaika kale bambo ake, ndipo akuopa kuikanso inu. Manthawo muwayankhe ndi zooneka. Kayezetseni maso kuchipatala. Makaniko aone mabuleki ndi matayala. Inshuwalansi ikhale yamoyo. Mukatero mum'khazike pampando wapambali uja, umene munakhalapo inu zaka zonse zija, mum'perekeze kuntchito kwake, mukam'tsitse pakhomo penipeni anzake akuona. Akakana kubweza makiyi, itanani abale ake ndi wamkulu wina wa m'banja amene iye amam'lemekeza, nkhaniyi ikambidwe inu muli pomwepo, osati mukusamba.

Geti musatsekenso. Ndaseka, sindikana, koma ndikufunseni: pamene munkaluka juzi paja, tomato amene ankapsa m'madengu anali wa atcheya? Anali wa amayi omwe aja amakunong'onezani. Mukabwereza, apolisi akhoza kukoka galimotoyo, ndipo mwana wanu adzapeza umboni umene akuusowa panopa.

Tsono imvani apa. Inu mwayang'anitsitsa tayala mpaka mwaiwala kuti tayala silipakira kanthu. Siteji yonseyo imadya chifukwa cha madengu, ndipo madenguwo ndi a akazi. Amuna aja amaitana mzere, koma eni katundu sanafunsidwepo kuti akufuna kukwera ya ndani. Loweruka lisanafike, yendani benchi ndi benchi mumsikamo. Auzeni amayiwo kuti kunong'ona kwakwana, amene akufuna pikapu yanu abwere kumsonkhano adzanene mokweza. Auzeninso akuluakulu oyang'anira msika kuti adzakhalepo, chifukwa geti si la atcheya.

Pamsonkhanopo musapemphe chifundo, ndipo musatukwane munthu. Pemphani chinthu chimodzi chokha, kuti tayala la malemu lizikhala la wa m'banja mwake amene akuyendetsa galimotoyo, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Kenako muwayang'ane mmodzimmodzi n'kufunsa kuti, mwa inu nonse, ndani ali ndi ana aakazi okhaokha? Ndani akufuna kuti iye akadzagona, mkazi wake adzathamangitsidwe pano ngati galu wolowa m'khitchini? Mukafunsa mukhale chete. Ndikudziwa kuti kwa inu kukhala chete n'kovuta kuposa rivesi, koma yesetsani. Ena mwa iwo ayamba kuyang'ana pansi.

Akakanabe, musalimbane nawo. Pemphani oyang'anira msika akuonetseni pena pololedwa kuima, mugubuduze tayala lanu lofiira anthu akuona, mukaliike pamenepo. Amayi aja mafoni ali nawo, miyendonso ali nayo. Dengu likafuna galimoto yanu lidzakupezani.

Chenjezo langa ndi ili. Mwamuna amene wachita manyazi pagulu nthawi zina amabwezera mobisa, ndiye masiku oyambawa musamasiye pikapu payokha, ndipo pasiteji muzikhala ndi mnzanu. Pakamwa panu ndi pabwino, koma pamsonkhano mwana wanu musam'ng'ambe. Atcheya mukhoza kuwataya, mwana ayi. Musiyireni kanjira kobwerera ali ndi tayi yake. Ndipo tsiku lidzafika loti maso adzayamba kukunamizani. Tsikulo musadzadikire kuti wina achotse makiyi pamsomali. Mudzawapereke nokha, m'dzanja limene mwasankha inu, ngakhale la mdzukulu wamkazi.

Koma tsikulo si Loweruka lino. Kapirikitseni nkhukuzo, mpandowo uli ndi mwini wake.

Aphungu