Mawu a amuna anga atsalira m'kompyuta yakale

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 54. Ine ndi amuna anga tinkajambula mavidiyo a maukwati, ine kugwira kamera, iwo kulumikiza zithunzi pa kompyuta m'kachipinda kathu kakuseri kwa telala. Anatisiya miyezi isanu yapitayo.

Chaka chatha anayamba kukonza vidiyo ya banja lathu, kuchokera m'matepi akale ana ali aang'ono, ndipo ankalembamo mawu awoawo. Ndikalowa ndi tiyi ankatembenuza sikirini msangamsanga. "Mayi, tatulukani, mudzaona ikapsa." Ine n'kumawaseka kuti, "Chaka chathunthu, bambo, mukuphika mwala?" Mpaka anapita isanapse.

Mkamwini wanga, amene akundithandiza ntchito pano, anabweretsa kompyuta yatsopano ya pulogalamu ina yolumikizira mavidiyo, n'kusamutsiramo ntchito ya malemu ija. Zithunzi zinatseguka bwinobwino, koma pamene panali mawu pakungooneka timabokosi takuda. Akuti mawuwo analembedwa ndi kapulogalamu kothandizira, kamene amati pulagini, komwe kanabwera limodzi ndi pulogalamu yakale, ndiye yatsopanoyi sikukazindikira. Timabokosito tilipo 31. Kena kali pamene ndikusambitsa mwana wathu woyamba m'beseni. Ndimangokayang'ana, osadziwa kuti pamenepo ankandiuza chiyani.

Kompyuta yakale ili pansi pa tebulo, imalira ngati filiji yotopa. Mkamwini akufuna aifufute Loweruka kuti mdzukulu wanga azichitirapo za kusukulu. Akuti, "Amayi, zonse ndinakopera kale, mawuwo tingolemba ena abwino." Ine abwinowo sindikuwafuna. Ndikufuna awo omwewo, ngakhale akhale olakwika masipelo monga ankachitira. Ndawasowa bambo aja, aphungu, ndawasowa zedi. Kuiyatsa ndekha ndikuopa kuti ndingaononge. Kodi pulaginiyo singaikidwe mu yatsopanoyi?

E. N., m'tauni muno

Mayi E. N.,

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Koma tiyambe ndi za Lowerukazo: kompyuta yakaleyo mkamwini asaifufute. Mdzukulu ayambe wadikira, mlungu umodzi sungamudwalitse.

Mkamwini wanu sananame, zithunzi anakoperadi. Chimene sanachiganizire n'chakuti mapulagini ambiri obwera limodzi ndi pulogalamu amagwira ntchito m'pulogalamu yomweyo basi. Alipo ena ogulitsidwa paokha amene amalowa m'mapulogalamu angapo, koma ngakhale amenewo, zimene munthu analembamo nthawi zambiri sizisamuka nawo. Ndiye musavutike n'kusakasaka. Mawu a amuna anu ali pansi pa tebulo pomwepo.

Muuzeni mkamwiniyo ayambe wakopera zonse za m'kompyuta yakale pa disiki ina, osasiyako kanthu. Kenako atsegule ntchitoyo m'pulogalamu imene malemu ankagwiritsa ntchito, aitulutse ngati vidiyo yathunthu. Ikatuluka choncho mawu amamatirira pachithunzi, ndipo imaonereka paliponse, ngakhale pafoni. Muisunge malo awiri, ina kwa mwana wanu. Ngati makinawo akutentha n'kumazima, atulutse zidutswazidutswa, ndipo inu jambulani sikirini ndi foni paliponse pamene pali mawu. Kamera mumaidziwa kuposa tonsefe.

Mkamwiniyo musamusungire kukhosi. Iye akuona timabokosi, inu mukuona amuna anu. Muuzeni mmene mwandiuzira inemu, adzamva.

Chenjezo langa ndi ili: kompyuta yakaleyo musailumikize pa intaneti, ndipo ikakufunsani zoti muikemo pulogalamu yatsopano, kanani. Achinyamata chala chimawayabwa pa batani limeneli, ndipo kungodina kamodzi pulagini ija ikhoza kuchoka ndi mawu ake omwe. Mkamwini asakonzenso masipelo, asamalizitse pamene bambo analekezera.

Vidiyo ikatuluka, mkamwini atuluke kaye panja. Inu tsekani chitseko, khalani pampando wa amuna anu, mutembenuzire sikirini kwa inu. Ankalembera inuyo, muyambe ndinu kuwerenga.

Aphungu